Mwana wa Lincoln anali loya ndithu, koma dzina la bambo silinamuchoke

Achimwene, mwafunsa ngati mwana wa pulezidenti akakhala loya amadya thukuta lake kapena amangodyera dzina la bambo. Ndikuyankheni ndi munthu mmodzi, Robert Todd Lincoln, mwana wachisamba wa Abraham Lincoln wa ku America.

Anabadwa mu 1843 ku Springfield, m'chigawo cha Illinois. Mwa ana anayi a Lincoln, ndi iye yekha anaona imvi. Eddie anamwalira ali wamng'ono, Willie anamwalirira ku White House mu 1862, Tad anatsatira mu 1871 ali ndi zaka 18. Robert atamaliza ku Harvard mu 1864 analowa usilikali nkhondo yapachiweniweni ili kumathero, ndipo apa dzina linagwira ntchito poyera. Bambo ake analembera kalata General Grant, mnyamatayo n'kupatsidwa malo pambali pa mkulu wa asilikaliyo, kutali ndi kumene ana a anthu ena ankafera.

Bambo ake ataphedwa mu 1865, anasamukira ku Chicago ndi mayi ake, namaliza maphunziro a zamalamulo. Mu 1867 analoledwa kuimira anthu pa milandu. Bambo ake ankazungulira m'makhoti ang'onoang'ono a ku Illinois atakwera hatchi, koma iye ankaimira makampani akuluakulu ali phee mu ofesi. Kampani ya maloya imene anali nayo ndi anzake, Isham, Lincoln & Beale, inapitirira zaka zambiri iye atamwalira. Ine sindikhulupirira kuti anthu andalama angakuikize milandu yawo zaka zonsezo chifukwa cha dzina lokha. Dzina limawabweretsa kamodzi, ukawaluzitsa sabweranso.

Koma mlandu umene anthu amamukumbukira nawo ndi wa mayi ake omubereka. Mary Todd Lincoln anali ataika m'manda ana atatu, mwamuna wake anawomberedwa iye atakhala pambali pake. Anayamba kugula zinthu mosawerengera, kuopa moto umene kunalibe, kuyenda ndi ndalama zambiri atazisokera m'zovala. Mu 1875 Robert anakamang'ala kukhoti kuti mayi ake mutu sukuyenda bwino, iye mwini n'kuperekera umboni. Khoti linagamula tsiku lomwelo, mayiyo n'kukasungidwa ku chipatala cha Bellevue Place ku Batavia. Anatulukako patapita miyezi yochepa mothandizidwa ndi mnzake Myra Bradwell, ndipo mu 1876 khoti linati ali bwinobwino. Ubale wawo sunabwererenso mwakale. Ena amati Robert ankateteza mayi ake, ena amati ankateteza dzina la banja kuti lisanyozeke. Ine ndimaona ngati zonse ziwiri zinalimo, ndipo vuto lake linali lakuti pa nkhani ya m'nyumba iye anaganiza ngati loya.

Maudindo ndiye ankangomutsata. Anakhala nduna ya zankhondo kuyambira 1881 mpaka 1885, kenako kazembe wa America ku London kuyambira 1889 mpaka 1893, komwe mwana wake wamwamuna mmodzi yekhayo anamwalira ali ndi zaka 16. Anthu ankamutchula kuti aime pa upulezidenti, iye osafuna. Simungamudabwe. Analipo pamene bambo ake ankatsirizika, anali pa siteshoni ya sitima ku Washington pamene Pulezidenti Garfield ankawomberedwa mu 1881, ndipo mu 1901 anali atangofika ku Buffalo tsiku limene anawombera Pulezidenti McKinley.

Chimene chimandiwawa ine ndi cha ku Pullman, kampani ya mabogi ogonamo a sitima. Anali loya wawo, ndipo George Pullman atamwalira mu 1897 anakhala mkulu wa kampaniyo mpaka 1911. Anthu akuda ambirimbiri ankagwira ntchito yotumikira apaulendo m'mabogiwo pa malipiro ochepa, akudalira timphatso ta okwera. Mwana wa munthu amene anasaina chikalata chomasula akapolo analemera pamenepo.

Anamwalira mu 1926 kunyumba kwake ku Vermont. Bambo ake, mayi ake ndi ang'ono ake atatu onse agona ku Springfield, koma mkazi wake anasankha kukamuika ku manda a Arlington, kuti akagone payekha.