Kodi kungocheza ndi mlangizi kungachiritse munthu?

FUNSO: Zikomo Anamwino. Amuna anga ndi mlimi wa fodya. Chigulitsireni fodya chaka chino, ngongole ya feteleza itadya ndalama zonse, sagona, sadya, amangokhala duu pakhonde. Kuchipatala anati ndi matenda okhumudwa, ndipo azipita kwa mlangizi sabata iliyonse. Apongozi akuti uku n'kutaya ndalama ya kabaza, wodwala amafunika jakisoni. Ndimvere ziti? — Mayi wodandaula, Santhe, Kasungu

YANKHO: Mayi, apongozi anu ndikuwamvetsa. Ambirife tikatuluka m'chipatala opanda mapiritsi m'manja timati adokotala sanatione. Koma pa ichi alakwitsa.

Uphungu umenewu si macheza a pabawo, komanso si uja wa ankhoswe woti "limbani mtima, ndinu bambo". Mlangizi wophunzitsidwa salamula. Amakhala ndi bambowo, n'kundandalika mavuto onse papepala, n'kusankha limodzi lokha loti n'kuligwira. Tinene ngongoleyo. Yatsala zingati? Woyamba kukamuona ndani, tsiku liti? Bambo amabwerako ndi ntchito yoti achite, kaya kukaonana ndi atcheya a kalabu, kaya kuyambanso kuthirira kudimba, ndipo sabata yotsatira amakafotokoza mmene zayendera. Maganizo aja oti "ndine munthu wachabe" nawonso amawaunika limodzi ngati alidi ndi umboni. Mbali imeneyi ndi ya njira ya uphungu yotchedwa CBT, yomwe dokotala wa matenda a maganizo Aaron Beck anaiyambitsa ku America m'zaka za m'ma 1960.

Musati ndi za azungu okha. Ku Harare, Dr Dixon Chibanda anaphunzitsa agogo aakazi kupereka uphungu wothetsa mavuto atakhala pabenchi panja pa chipatala, pulogalamu ya Friendship Bench. Kafukufuku wa mu 2016, wa anthu 573, anapeza kuti patatha miyezi 6, mwa anthu 100 alionse amene anakhala pabenchipo, pafupifupi 14 ndiwo anali akadali ndi zizindikiro za kukhumudwa, pamene mwa amene analandira chithandizo cha masiku onse anali pafupifupi 50. Ndipo kukumana ndi mlangizi pabenchipo kunali ka 6 basi.

Sikuti kuyankhula kulikonse n'kothandiza ayi. Kukakamiza munthu amene wangopulumuka ngozi kuti afotokoze zonse nthawi yomweyo, kuti "atulutse za kukhosi", bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limaletsa, chifukwa kafukufuku sanapeze phindu lake. Choncho abale asawaunjirire bambo ndi mafunso.

Mapiritsi ali ndi malo ake. Matenda akakula, adokotala amatha kupereka fluoxetine kapena amitriptyline pamodzi ndi uphunguwo, ndipo amatenga masabata angapo kuti ayambe kugwira. Munthu womva mawu amene ena sakuwamva, ameneyo mankhwala ndi ofunika ndithu.

Chomaliza, ndipo ichi musachizengereze: chotsani m'nyumba mankhwala onse opopera fodya ndi ophera makoswe. Afunseni bambo mosabisa ngati akuganiza zodzipha. Kufunsa sikuwapatsa maganizowo. Akavomera, pitani nawo kuchipatala cha boma ku Kasungu tsiku lomwelo, ndipo asatsale okha.