Chitetezo cha m'dzira: kodi mlimi angapezepo msika?

Alimi angapo a nkhuku afunsa funso limodzimodzi. Amva kuti asayansi amatulutsa chitetezo m'mazira a nkhuku n'kuchigwiritsa ntchito pa kafukufuku, ndiye akufuna kudziwa ngati angawagulitse mazira a m'khola lawo. Mayi wina wawonjezera kuti, ngati zili choncho, kodi kudya dzira la nkhuku yotemeredwa kungateteze ana ake ku matenda?

Nkhaniyi ndi yoona, ndipo si yatsopano. Mu 1893, dokotala wa ku Germany dzina lake Felix Klemperer anabaya nkhuku poizoni wa kafumbata, n'kupeza kuti chitetezo chimene thupi la nkhukuyo linapanga chinalowa m'mbali yachikasu ya dzira. Asilikali a m'thupi amenewa, omwe asayansi amawatchula kuti ma antibodi, a nkhuku anapatsidwa dzina loti IgY mu 1969.

Ku labotale amachita chonchi. Amasankha thadzi lathanzi loikira, n'kulibaya pamnofu wa pachifuwa kachidutswa ka kachilombo kapena chinthu chomwe akufuna kuchifufuza. Pakapita masabata angapo amalibayanso, kawiri kapena katatu. Kenako amatola mazira, n'kulemba pachigoba nambala ya nkhuku ndi tsiku. Mbali yachikasu amailekanitsa mosamala ndi yoyera, amaisungunula ndi madzi oyera, n'kuthira mankhwala ochotsa mafuta mpaka patsale ma antibodi okha. Dzira limodzi limapereka pafupifupi mamiligalamu 50 mpaka 100, koma ochepa okha mwa amenewa ndi amene amalimbana ndi chinthu chija anabaya. Ubwino wake ndi woti nkhuku siikhetsedwa magazi ngati mmene amachitira ndi akalulu. Imangoikira tsiku ndi tsiku monga mwa nthawi zonse. N'chifukwa chake mu 1996 akatswiri a ECVAM, bungwe la ku Ulaya loona za njira zofufuzira zosavutitsa nyama, analimbikitsa njirayi.

Za msika ndinene mosapita m'mbali: musawononge ndalama kukulitsa khola poyembekezera ogula amenewa. Nkhuku za kafukufuku zimaweteredwa m'makola otetezedwa, mbiri ya nkhuku iliyonse imadziwika, ndipo dzira lake ndi lofunika chifukwa cha chimene inabayidwa. Dzira la nkhuku yoyenda pabwalo silingalowe pa ntchitoyi. Wina akabwera kudzakuuzani kuti mulipire kuti mulembetse mazira anu ku labotale, mukayikireni.

Inu mayi, dzira ndi chakudya chabwino kwambiri kwa ana, koma si katemera. Chitetezo cha chitopa chimathandiza nkhuku, osati munthu, komanso kutentha kwa pamoto kumaononga ma antibodi. Musapatse ana dzira laliwisi. Limatha kuwatsegula m'mimba.

Phindu lenileni kwa inu alimi lili pa anapiye. Mwanapiye amaswedwa ali ndi kachikasu kotsala m'mimba, ndipo m'masiku oyambirira amakayamwa pamodzi ndi chitetezo cha make. Thadzi lotemeredwa chitopa limapatsira ana ake chitetezocho, pomwe losatemeredwa nthawi zambiri limaswa anapiye opanda chowatchinjiriza. Chitetezo chobwerekachi chimatha pakangopita masabata awiri kapena atatu, choncho anapiyewo afunika katemera wawo.

Katemera wa chitopa wotchedwa I-2, amene amapangidwa ku Central Veterinary Laboratory ku Lilongwe, ndi dontho limodzi m'diso la nkhuku iliyonse, yaikulu ndi yaing'ono yomwe, pa miyezi inayi iliyonse. Gwirani nkhuku mpaka iphethire, dontho lilowe. Botolo lisakhale padzuwa; pa ulendo likulungeni m'kansalu konyowa. Temerani nkhuku zili bwino, chifukwa yodwala kale katemera saichiritsa. Oweta nkhuku za chizungu afunse kumene agula anapiye ngati makolo ake anatemeredwa matenda a Gumboro, pakuti tsiku lotemera anapiyewo limadalira zimenezo.