Sofa isiyeni, mapepala ndi mthiko musaiwale

Achemwali, mwafunsa ngati mutumize sofa, firiji ndi mabedi pa kontena poti mukusamukira kuno ku Leeds, ku UK, ndi ana awiri. Ndinadutsamo ine, ndiye ndikuuzani mosapsatira: katundu wamkuluyo musiyeni.

Kwathu kulibe doko la panyanja yamchere. Kontena yochoka ku Lilongwe imayenda pa thiraki kudzera pa Dedza kapena pa Mwanza mpaka ku Beira, ina imadzera pa Songwe kupita ku Dar es Salaam, n'kukadikira sitima kumeneko. Miyezi imatha muli maso kunjira. Ikafika kuno mulipiranso za padoko, ejenti wotulutsa katundu, ndi galimoto yobweretsa pakhomo. Ine ndinaumirira kutumiza kabati ya mlombwa imene malemu bambo anga anandikhomera. Inafika bwinobwino, koma masitepe a nyumba za kuno ndi opanikiza, inakana kukhota pakona. Tinaiyesa chagada, tinachotsa zitseko zake, osatheka. Inakhala m'galaja ya mnzanga chisanu chonse mpaka inachita nkhungu, ndipo mpaka lero mtima umandiwawa. Ikanakhala kwa mchemwali wanga ku Area 25 bwenzi ikugwirabe ntchito.

Nyumba zambiri za lendi mupezamo kale kuka, zina firiji ndi makina ochapira omwe. Zotsalazo mudzagula zakaunjika motchipa m'mashopu a charity (a mabungwe othandiza anthu) kapena pa Facebook Marketplace.

Ngati pali makatoni ochepa amene simungawasiye, tumizani pa kago ya ndege, koma musanatumize lembani fomu ya ToR1 pa webusaiti ya gov.uk. Imeneyi ndi imene imakupulumutsani ku msonkho. A zamisonkho a kuno amafuna kuti mukhale mutakhala kunja kwa UK miyezi 12 yotsatizana, katunduyo mukhale mutamugwiritsa ntchito miyezi 6, ndipo alowe pasanathe miyezi 12 chifikireni. Akavomereza amakupatsani nambala yoti mupereke kwa otumizawo. Katoni iliyonse muilembe nambala, zam'kati muzilembe papepala, muzijambulenso pa foni musanamate.

Mapepala okha ndiye asachoke m'manja mwanu. Mapasipoti, ziphaso zobadwira za ana, mtchatho wa ukwati, masatifiketi, malipoti a kusukulu, kabuku ka kusikelo kosonyeza katemera, chikalata cha TB, zonsezi zikhale m'chikwama cholowa nacho m'ndege. Ngati bambo a ana akutsala, asayine kalata yovomereza kuti anawo atuluke. Pawabanki nayo saloledwa m'sutikesi yopita pansi pa ndege.

Za ndiwo, poti ndikudziwa mukuziganizira: nyama ndi zamkaka n'zoletsedwa, ngakhale nyama yowamba. Nsomba zouma amalola mpaka makilogalamu 20 pa munthu, choncho usipa ndi chambo chowamba tengani, mungozimanga m'mapulasitiki awiri atatu kuti zovala zisamve fungo. Ufa musadzilemetse nawo, ulipo m'mashopu a zakudya za ku Africa. Malo amenewo ikanipo Nali, masamba a Chombe, zitenje, ndi mthiko ndi chipande chanu. Mitiko ya kuno siipirira nsima yolimba, woyamba umene ndinagula unathyokera mumphika.

Mapulagi ndi ofanana ndi athu, a mano atatu aja, ndiye matchaja agwira ntchito osavuta. Majekete okhuthala mudzagule kuno, koma ana atsike ndege atavala majuzi awiriawiri ndi masokosi, makamaka ngati mukufika pakati pa Novembala ndi Febuluwale.