Mwafunsa, Tayankha: Sukulu ya Kwacha ndi Maphunziro a Akuluakulu ku Chigwa cha Shire

Makalata a mwezi uno achokera ku Chikwawa ndi ku Nsanje, ndipo onse akukhudza munthu wamkulu amene akufuna kubwerera ku maphunziro. Tawafupikitsa, mayina tawabisa. Oyankha ndi alangizi a zachitukuko cha m'midzi pamodzi ndi aphunzitsi a sekondale.

FUNSO: Ndine wapampando wa banki mkhonde kuno kwa Mlolo, ku East Bank. Pa amayi 22, odziwa kulemba ndi atatu okha, enafe timadinda chala. Kalatayi wandilembera ndi mwana wanga. Kodi sukulu ya kwacha idakalipo? Tingatani kuti ibwere m'mudzi mwathu?

YANKHO: Idakalipo mayi, ndipo salipiritsa. Ndondomeko ya dziko lonse yophunzitsa akuluakulu kulemba, kuwerenga ndi kuwerengera idayamba mu 1986. Imayendetsedwa ndi unduna woona za chitukuko cha m'midzi, osati wa zamaphunziro, n'chifukwa chake mukapita kwa ahedi a pulayimale angakuuzeni kuti si nkhani yawo. Munthu wanu ndi mlangizi wa zachitukuko wa m'dera lanu, amene ambiri amangomuti CDA. Abwana ake ali ku ofesi ya zachitukuko cha m'midzi ku Nsanje boma.

Musapite chimanjamanja. Lembani kaye mayina a ofuna kuphunzira, zaka zawo, ndi kalasi imene aliyense adalekezera ngati adapondako kusukulu. Anthu 25 ndi gulu labwino. Akapitirira 30 mphunzitsi mmodzi sangathe kuona kope la aliyense. Mndandandawo upite kwa amfumu ndi ku komiti ya chitukuko ya m'mudzi (VDC), kuti pempho likhale la mudzi, lisaoneke la gulu lanu lokha. Kenaka muitane mlangiziyo adzakhale nanu pansi.

Mphunzitsi amachokera m'mudzi momwemo, ndipo ofesi ndiyo imamusula. Apa ndi pamene midzi yambiri imaphonya. Amasankha mphwawo wa amfumu, kapena mnyamata amene wangolemba kumene Fomu 4 ndipo mtima uli kale ku Blantyre. Ikatha miyezi iwiri kalasi yatsala yamasiye. Sankhani munthu wokhazikika, wofikako kusekondale, wodekha, wosaulula zam'kalasi pachitsime. Musankhenso komiti ya anthu asanu yoti iziyendera amene ajomba ndi kusamala zipangizo.

Maphunziro amatenga miyezi 10, kawirikawiri masiku anayi pa sabata, maola awiri pa tsiku, ndipo pamapeto pamakhala mayeso ndi satifiketi. Malo akhale amthunzi, patali pang'ono ndi msewu. Chipinda cha pulayimale n'chabwino ana akaweruka, koma agogo safuna kuti mdzukulu awasuzumire pawindo akulimbana ndi "a, e, i, o, u". Tchalitchi nachonso chimathawitsa a mipingo ina. Ndipo poti kwanuko Ruo ndi Shire sachenjeza kawiri, mabuku, choko ndi kaundula muziziika m'ndowa yapulasitiki yachivundikiro, yomangirira kudenga. M'madzi osefukira a 2015 ndi a namondwe Freddy mu 2023, mapepala ndiwo ankayamba kuonongeka.

Inu muli ndi mwayi umene ena alibe: buku la masheya. Pemphani mphunzitsi kuti tsiku limodzi pa sabata phunziro lizichokera m'buku limenelo, aliyense apeze dzina lake, awerenge masheya ake, aonkhetse chiwongoladzanja cha ngongole yake.

FUNSO: Ndimaphunzitsa kwacha kufupi ndi Ngabu. Ndimayamba ndi anthu oposa 30, koma pofika mayeso amatsala osakwana 10. Abambo ndiye sabwera n'komwe. Alawansi nayonso imabwera mwa apo ndi apo. Ndikulakwitsa pati?

YANKHO: Aphunzitsi, yambani mwayang'ana kalendala musanadziimbe mlandu. Chaka cha kuchigwa n'chodzaza. Kuyambira Disembala mpaka Malichi anthu ali kumunda wa mapira, mchewere ndi thonje, ena ali paganyu chifukwa nkhokwe zauma, ena ali kumisasa madzi akasefukira. Madzi akaphwa amatsikira kudimba kukabzala chimanga, mbatata ndi nyemba, ndipo mabanja ena amagonera komweko. Nyengo yomweyo thonje likutoledwa, ku Nchalo akudula nzimbe. Okutobala ndi Novembala kutentha kumadutsa madigiri 40, moti kalasi ya 2 koloko masana ndi chilango. Mukaika nthawi mosafunsa, mwawathamangitsa nokha.

Chitani chonchi. Sabata yoyamba jambulani pansi mabokosi 12 a miyezi, ophunzira aike timiyala tambiri pa mwezi wotangwanika, tochepa pa mwezi wopepuka. Chitaninso chimodzimodzi ndi masiku a sabata, kuti tsiku lamsika lichoke. Njira imeneyi ndi ya REFLECT, imene bungwe la ActionAid lidafalitsa potengera maganizo a Paulo Freire wa ku Brazil. Zotsatira zake mukambirane ndi mlangizi wanu: miyezi yothina muzikumana kawiri pa sabata, yopepuka mubweze masiku otayikawo, nyengo yotentha muyambe dzuwa litapendeka. Kutseka kalasi mwezi wathunthu ndiye ayi, chifukwa amene wangodziwa kumene zilembo amaiwala msanga.

Abambo chimawagwira ndi manyazi. Munthu amene amaweruza milandu pabwalo safuna kulephera kulemba "b" pamaso pa apongozi ake. Apatseni tsiku lawolawo, ndipo musayambe ndi zilembo. Yambani ndi sikelo. Lembani pabolodi mabelo atatu a thonje: makilo 87, 92 ndi 105. Aonkhetse, apeze 284. Tiyerekeze kuti kilo ndi K1,000, ndiye kuti K284,000. Achotsepo ngongole ya mbewu ndi mankhwala, aone zotsala. Ambiri masamuwa amawatha m'mutu kuposa inu. Chimene akusowa ndi kuwerenga zimene kalaliki walemba pa risiti. Tsiku lina bwerani ndi botolo lopanda kanthu, lotsuka bwino, la mankhwala opopera thonje kuti awerenge mlingo. Tsiku lina uthenga wapafoni wonena kuti ndalama zalowa, chiphaso chogulitsira ng'ombe, buku lakusikelo la mwana.

Pa kulemba, cholinga choyamba chikhale dzina. Munthu akasaina yekha pamndandanda wa chithandizo m'malo modinda chala, mawa amabwera ndi mnzake. Yambani ndi maphatikizo osavuta monga ma, me, mi, mo, mu. Ovuta ngati nkh, mph ndi ng' adikire. Mabuku ali m'Chichewa pamene ambiri kunyumba amayankhula Chisena, choncho fotokozani m'chiyankhulo chimene akumva, muwalole ayankhe momwemo. Palinso chinthu chimene aphunzitsi ambiri sachiganizira: maso. Munthu akapitirira zaka 40 zilembo zing'onozing'ono zapafupi zimayamba kuchita mbuu. Mukaona wina akutalikitsa buku kapena akudandaula mutu, si umbuli. Lembani zilembo zikuluzikulu, mumulimbikitse akapimitse maso kuchipatala cha boma. Kawirikawiri magalasi owerengera okha amathetsa vutolo.

Za alawansi, dandaulo lanu n'lomveka ndipo si la inu nokha. Chimene chili m'manja mwanu ndi kaundula: dzazani tsiku lililonse, lipoti lipite mwezi ndi mwezi, inu musunge kope lake losainidwa ndi wapampando wa komiti. Mukamatsatira ndalama zanu, pitani limodzi ndi aphunzitsi anzanu a m'deralo, mapepala ali m'manja.

FUNSO: Ndili ndi zaka 34, ndimagwira ntchito ku Nchalo. Sukulu ndidalekera Fomu 2. Kuntchito kukatuluka mwayi amafuna MSCE. Kodi msinkhu uno n'kulembanso?

YANKHO: N'zotheka bambo, bungwe la mayeso la MANEB silikaniza munthu chifukwa cha zaka. Kwacha si yanu. Inu mukufunika sekondale yamasana, ija amati open, imene imachitikira m'masekondale ambiri a boma ana am'mawa akaweruka. Imayang'aniridwa ndi Malawi College of Distance Education, ndipo mumalipira fizi pa teremu. Pitani kwa ahedi ndi chiphaso chaunzika komanso pepala lililonse la kusukulu yanu yakale. JCE, mayeso a Fomu 2, idathetsedwa kwa zaka zingapo n'kubwereranso mu 2021, choncho afunseni kuti malinga ndi mapepala anu muyambire pati.

Musathamangire kulemba chaka chomwecho. Silabasi idasintha chichokereni inu, ndipo mayeso a MSCE amafunsa za Fomu 3 ndi 4. Dzipatseni zaka ziwiri. Magiredi amayambira 1 mpaka 9: 1 ndi 2 ndiwo apamwamba, 3 mpaka 6 ndi kirediti, 7 ndi 8 kukhoza wamba, 9 kulephera. Chingerezi ndicho chipata. Mukachilephera satifiketi palibe ngakhale zina mutakhoza bwino. Ngati mumalota za yunivesite ya boma, pamafunika makirediti asanu ndi limodzi, Chingerezi chili momwemo.

Zimene zimagwetsa anthu apantchito ndi zitatu. Choyamba, kutenga maphunziro ambiri. Asanu ndi awiri akukwanirani. Chachiwiri, kusankha sayansi pasukulu yopanda labu, n'kukaona zipangizo koyamba tsiku lamayeso. Chachitatu, kulembetsa: dzina ndi tsiku lobadwa zifanane ndi za pachiphaso, ndalama zamayeso mulipire nokha m'njira imene MANEB yalengeza, risiti musunge. Osapatsira munthu. Poti mumagwira mashifiti, kambiranani ndi kapitawo nyengo yodula nzimbe isanayambe, ndipo mupeze anzanu awiri kapena atatu owerenga nawo mapepala a mayeso akale.

FUNSO: Mwana wanga wamkazi wa zaka 17 adasiyira Sitandade 7 atatenga mimba. Pano mwana akuyenda. Apite ku kwacha? Ndine mayi wa ku Tengani.

YANKHO: Ayi mayi, abwerere kupulayimale. Lamulo lolola mtsikana kubwerera kusukulu akabereka lilipo kuyambira 1993. Pitani naye kwa ahedi, mutengeko mmodzi wa amayi a mother group. Akaopa kusekedwa, pemphani kalata yosamukira sukulu ina. Chimene chimawabwezanso kunyumba atsikana otere ndi kusowa wolera khanda, ndiye mugwirizane pabanja za zimenezo asanavale yunifolomu.

FUNSO: Ndine membala wa komiti ya chitukuko ya m'dera (ADC) kwa Chapananga. Timamva kuti boma lili ndi mfundo za maphunziro a akuluakulu, koma pamisonkhano timangokamba za milatho ndi mijigo. Mfundozo zikuti chiyani, nanga ife tingachitepo chiyani?

YANKHO: Mfundozo zilipo, boma lidazivomereza mu 2020. Mtima wake ndi wakuti kuphunzira sikuthera pa kudziwa zilembo: wamkulu aziphunzira zokhudza ulimi, bizinesi, umoyo ndi luso lamanja moyo wake wonse, mogwirizana ndi cholinga chachinayi cha chitukuko cha United Nations. Kufunika kwake kukuoneka m'kalembera wa 2018, amene adapeza kuti mwa anthu 100 alionse a zaka zisanu kupita m'tsogolo, pafupifupi 69 ndiwo amatha kulemba ndi kuwerenga. Amuna 72, akazi 66. Pulayimale yaulere idayamba mu 1994, choncho ambiri amene adakula isanafike adatsalira, makamaka amayi.

Kuona kwathu, mfundozo n'zabwino koma zikutsimphina paziwiri. Ndalama zopita ku gawoli n'zochepa kwambiri poyerekeza ndi zapulayimale ndi sekondale. Chachiwiri, womaliza kwacha alibe njira yoongoka yopitira patsogolo. Satifiketi yake imayerekezedwa ndi makalasi apakati apulayimale, kwacha ili ku unduna wina, mayeso a Sitandade 8 ku unduna wina, zaluso ku bungwe loona za maphunziro a luso lamanja la TEVETA. Makoleji azaluso a m'madera, amene adayamba mu 2015, amafuna mapepala a kusekondale. Chotsalira womaliza kwacha ndi kalasi ya Chingerezi kumene ilipo, kapena maphunziro afupiafupi a kwa mmisiri monga kusoka, ukalipentala ndi kuwotcherera, amene TEVETA ndi mabungwe amathandizira nthawi zina.

Inu a ADC mphamvu yanu ili pa mapulani. Chimene sichidalembedwe m'mapulani a midzi sichifika m'pulani ya chitukuko ya khonsolo, ndipo chosalembedwa m'menemo sichipatsidwa ndalama. Uzani VDC iliyonse ibweretse chiwerengero cha akuluakulu ofuna kuphunzira, makalasi amene akuyenda ndi amene adafa. Mlangizi wa zachitukuko azipereka lipoti la kwacha pamsonkhano uliwonse, monga amachitira azaumoyo ndi azaulimi. Bungwe likabwera ndi mbuzi, ulimi wothirira kapena banki mkhonde, lifunseni kuti kalasi yolemba ndi kuwerengera ili pati m'bajeti yake. Izi zikufunika kwambiri tsopano pamene ngalande yaikulu ya ulimi wothirira yochokera ku Kapichira ikufuna alimi olowa m'makopaletivu, osaina mapangano a malo ndi kuwerenga malipoti a ndalama.

Pa ndalama za CDF, thumba la chitukuko cha madera a aphungu, pemphani zinthu zooneka: shedi yamalata pamalo okwera, bolodi, mabenchi, ndi kabati yokhoma yosungiramo mabuku, nyuzipepala ndi timapepala ta alangizi a zaulimi, kuti omaliza azibwereka. Tsiku la 8 Sepitembala, lokumbukira kulemba ndi kuwerenga padziko lonse, ndi labwino kuperekera masatifiketi pabwalo la amfumu ndi kulemberatu mayina a kalasi yotsatira, khansala ndi phungu ali pompo.