Mtima umatsatira chimene mwasankha

Achemwali, mwafunsa ngati mukudzinamiza poyamba kukonda ntchito imene poyamba simunkaifuna kwenikweni. Si zachilendo ayi, ndipo simukudzinamiza. Ntchito imene munaisankha monyinyirika ija ikukukomerani lero chifukwa munthu akangosankha, mtima umayamba kukometsera chimene watenga n'kumapezera zifukwa chimene wasiya.

Mu 1956, katswiri wa zamaganizo Jack Brehm anapempha ophunzira aakazi kuti anene mmene akukondera zipangizo zosiyanasiyana za m'nyumba. Kenako ena mwa iwo anauzidwa kusankha chimodzi pa ziwiri zimene ankazikonda pafupifupi mofanana. Atawafunsanso, chosankhidwacho ankachitama kuposa poyamba, chosiyidwacho akuchipeputsa, chonsecho zipangizozo sizinasinthe.

Ine ndaona kuti nthawi nayo imathira mchere. Ukakhalitsa pantchito manja amazolowera, ongofika kumene amayamba kudzakufunsa nzeru, ndipo chimene umachita bwino suchedwa kuchikonda. Komatu mtima womwewo umatha kukometsera ngakhale chinthu chokupweteka. Ndiye dzifunseni: atakupatsaninso mwayi wosankha lero, mungaitenge ntchitoyo?

Ngati nkhawa ya zosankha ikukusowetsani tulo, kapena mukulephera kusankha ngakhale tinthu ting'onoting'ono, kaonaneni ndi mlangizi kapena dokotala wa zamaganizo.