Mphaka msiyeni pakhomo, koma mumusiyire munthu

Achemwali, mwati mukuchoka ku Moatize kupita kwanu ku Ulongué ku ukwati wa mng'ono wanu kwa masiku anayi, ndipo mwasowa chochita ndi mphaka wanu amene amagona panja. Ndaona ena akuti mum'tsekere m'nyumba, ena akuti mukwere naye chapa (minibasi), ambiri akuti mphaka sasiyiridwa chakudya, adzigwirira yekha makoswe. Langa ndi ili: msiyeni pomwe anazolowera, koma pakhale munthu mmodzi wobwera m'mawa ndi madzulo.

Zom'tsekera m'nyumba musayerekeze. Uno ndi Okutobala, ndipo inu mukudziwa kuti kuno kuchigwa cha Zambezi dzuwa limafika madigiri 40 n'kupitirira. Nyumba ya malata yotseka mazenera masana imasanduka ng'anjo. Panja mphaka amadziwa yekha kozizira, kaya pansi pa mtengo wa mango, kaya kuseri kwa bafa. M'nyumba alibe kothawira, ndipo akagubuduza madzi tsiku loyamba ndiye kuti zathera pomwepo.

Kumunyamulanso sindikuvomereza. Mphaka amagwirizana kwambiri ndi malo ake. Chapa ikaima pa Mussacama anthu n'kumatsika, iye akangopeza mpata walumpha, simudzamuonanso. Ngakhale mutafika naye bwino, pa ukwati pali ng'oma, ana, agalu a eni mudzi. Adzathawira kuthengo kumene sakukudziwa.

Za makoswezo, n'zoona amagwira, koma si tsiku lililonse. Mphaka amene mwakhala mukumupatsa chakudya amadalira mbale yanu. Ikauma amayamba kuyenda m'makomo mwa anthu, kuba ndiwo, ndipo kumeneko amakakumana ndi mwala kapena khoswe wodya poizoni. Komanso thupi la mphaka silipirira njala ngati la galu. Akakhala masiku angapo osadya, makamaka wonenepa, chiwindi chimayamba kuwonongeka.

Tsono munthuyo. Musauze anthu atatu kuti "muzimuonako", chifukwa aliyense adzaganiza kuti mnzake wam'patsa kale. Sankhani mmodzi, ndipo akhale woti mphaka samuda. Tisabisane, alipo anthu amene akaona mphaka usiku amaganiza za ufiti, ndipo wotero angavomere pamaso panu chifukwa cha ulemu koma mbale osaikhudza. Mwana wa sukulu wa pafupi amachita bwino ntchito imeneyi, bola mukambirane ndi amayi ake, osati mwanayo yekha. Abwere kawiri inu musanachoke, aike yekha chakudya inu mutaima pomwepo, amve mmene mumamuitanira. Mphaka wina akaona mlendo amabisala mpaka munthuyo atachoka. Zimenezo si vuto, chofunika n'choti mbale izipezeka yopanda kanthu. Muuzeni azikutumizirani chithunzi pa WhatsApp, ndipo mum'ponyereko kangachepe pa M-Pesa kapena e-Mola kogulira intaneti. Pobwerako musaiwale kum'tengera mbatata ya kachewere ya ku Angónia, mawa mudzamufunanso.

Chimene ndikufuna mulimbikirepo kwambiri ndi madzi. Ambiri timaganiza za chakudya n'kuiwala kuti nyengo ino chimapha msanga ndi ludzu. Ikani madzi malo awiri kapena atatu osiyana, onse pamthunzi, ndipo muyang'ane kuti mthunziwo umakhalapo ndi masana omwe, osati m'mawa mokha. Kamphika kadothi kamaposa mbale ya pulasitiki: madzi amakhala ozizira, ndipo nkhuku kapena mbuzi sizikagubuduza msanga. Kabeseni kopepuka muikemo mwala. Ku Moatize fumbi la malasha limatera paliponse, madzi a m'mawa pofika madzulo amakhala atachita kakuda pamwamba, ndipo mphaka ndi waukhondo, madzi otero amangowanunkhiza n'kuchoka. Choncho wosamalirayo azitaya, kutsuka, n'kuthira ena, osangowonjezera pamwamba.

Chakudya chikhale chomwe anazolowera, ino si nthawi yomuyesa zatsopano. Ngati amadya kapenta wa ku Cahora Bassa ndi kansima, mangani timapukusi, kamodzi ka chakudya chimodzi, kuti mwanayo asamachite kuyeza. Nsima ikhale ya tsiku lomwelo yochokera kwa anansiwo, chifukwa yogona pa kutentha kuno imasasa. Nsomba youma ya chicoa ili ndi mchere wambiri, ngati mulibe china iviikeni kaye m'madzi. Ndiwo zothira anyezi kapena adyo musam'patse, zimawononga magazi a mphaka. Mkakanso amphaka ambiri akuluakulu umawatsegula m'mimba. Musaunjike chakudya cha masiku onse pamodzi, agalu adzamaliza usiku woyamba. Mbale iikidwe pamwamba, ngati pa thandala, itakhazikidwa m'mbale ina yaikulu yokhala ndi timadzi kuti nyerere zisafike.

Wosamalirayo mumuuze zinthu izi momveka. Mphaka akaoneka wofooka asam'patse mankhwala a anthu. Paracetamol, ngakhale kachidutswa, amapha mphaka. Akamuona akupuma mwawefuwefu kukamwa kuli yasa, adziwe kuti watenthedwa kwambiri, chifukwa mphaka sapuma choncho ngati galu. Amuike pamthunzi, amunyowetse ndi madzi ozizirirapo, akuimbireni. Akatha tsiku lathunthu osadya kapena osaoneka, akuimbireninso. Musiyireni nambala ya a zaziweto a ku SDAE, ofesi ya boma lanu yoona za ulimi ndi ziweto, ndipo ngati mphakayo sanabayidwe katemera wa chiwewe, kafunseni komweko musananyamuke. Mwana akalumidwa kapena kukandidwa, atsuke balalo ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, apite kuchipatala tsiku lomwelo.

Zonsezi ndanena poganiza kuti mphaka wanu ndi wamkulu ndipo ali bwino. Ngati ali ndi bere lalikulu kapena akuyamwitsa, kubwera kawiri sikukwana, pezani wachibale agone pakhomopo.

Tsiku lonyamuka, musanakhome loko, lowani m'chipinda chilichonse, m'khitchini ndi mosungira katundu, muone ndi maso anu kuti ali panja. Amphaka amakonda kulowa mwakachetechete anthu akamalongedza zikwama. Kiyi mmodzi musiyire anansiwo kuti atamva kulira mkati athe kutsegula.