Baibulo likamaoneka ngati likudzitsutsa: yankho kwa mdzukulu wa ku koleji

Mdzukulu wanga, uthenga wako ndauwerenga. Ukuti mnzako anakutumizira pa WhatsApp mndandanda wa mavesi amene akuti amatsutsana, ndipo utapita nawo kwa mkulu wa mpingo anakuyankha kuti umenewo ndi mzimu wa mdyerekezi, usiye kuwerenga zoterozo. Tsopano ukufunsa ngati kukayika n'kuchimwa, komanso ngati n'kupanda mwambo kubwereranso ndi funso lomwelo kwa munthu wamkulu amene wakukalipira kale.

Choyamba, ambiri mwa mavesiwo alipodi, ndipo aliyense wokuuza kuti kulibe akukunamiza. Ine ndinapunthwa pa limodzi ndili pa maphunziro a uphunzitsi, usiku wina ndikuwerenga Baibulo lachingerezi la King James ndi koloboyi. Pa 2 Mafumu 8:26 ndinawerenga kuti Ahaziya analowa ufumu ali ndi zaka 22, koma pa 2 Mbiri 22:2 ndinapeza zaka 42. Ndinabwerera mmbuyo pang'ono, pa 2 Mbiri 21:20, pamene akuti bambo wake Yehoramu analowa ufumu ali ndi zaka 32 n'kulamulira zaka 8. Ndinatenga pensulo n'kuwonkhetsa kuseri kwa kope: bamboyo anamwalira ali ndi zaka 40, ndiye kuti mwana anali wamkulu kuposa bambo wake ndi zaka ziwiri. Mafuta anathera m'koloboyi ine ndikuyang'anabe tsamba lomwelo, ndipo tulo sindinatione.

Patapita nthawi m'busa wina wodekha anandikhazika pansi n'kundifotokozera. Makina osindikizira mabuku asanafike m'zaka za m'ma 1450, Baibulo linkakoperedwa pamanja, mpukutu ndi mpukutu, ndipo dzanja la munthu limaphonya, makamaka pa manambala. Mipukutu ina yakale ya Chigiriki ndi ya Chisiriya ili ndi 22 pa vesi limenelo, n'chifukwa chake Mabaibulo ena atsopano amalemba 22 n'kuika mawu ofotokozera m'munsi mwa tsamba. Chimene chinandikhazika mtima pansi n'chakuti alembi achiyuda, omwe ankadziwa masamu ngati ine, anakopera 42 monga anaipezera, osaikonza mobisa. Munthu wofuna kukupusitsa amafufuta mapazi ake, koma awa anawasiya poyera kuti wobwera pambuyo aone.

Zina za pa mndandanda wakowo ndi nkhani ya mboni. Pa manda a Yesu, Mateyu akutchula mngelo mmodzi, Marko mnyamata wovala zoyera, Luka amuna awiri, Yohane angelo awiri. Ndakhalapo pa bwalo la mfumu kangapo pa milandu ya mbuzi zodya chimanga cha eni, ndipo ndinaona kuti mboni zitatu zikalankhula mawu ofanana ndendende, kuyambira moni mpaka pothera, nduna zimayang'anana n'kunena kuti awa anapangana usiku. Mboni zoona zimasiyana pa zing'onozing'ono, wina akuti mbuzi zinali zinayi, wina anangoona tonde amene anali patsogolo, koma onse akugwirizana kuti chimanga chinadyedwa. Alembi anayi aja akugwirizana kuti amene anayamba kufika kumanda tsiku loyamba la sabata anali akazi, Mariya wa Magadala ali pomwepo, ndipo mtembo munalibe. Akhristu akale ankakudziwa kusiyana kumeneku. Cha m'ma 170 munthu wina dzina lake Tatian analuka Mauthenga anayiwo kukhala buku limodzi losalala, koma mpingo unasunga anayi aja monga alili. Cha m'ma 400 Augustine, bishopu wa ku Hippo kumpoto kwa Africa, analemba buku lathunthu loyankha anthu amene ankati alembi a Uthenga Wabwino amatsutsana. Mnzakoyo, kaya akudziwa kaya ayi, wakutumizira nkhani imene makolo a mpingo anaikambirana zaka zoposa 1,500 zapitazo.

Zinanso zimatha ukangowerenga mutu wonse. Pa Miyambo 26:4 akuti usayankhe chitsiru monga mwa utsiru wake, ndipo vesi lotsatira likuti uchiyankhe. Wolemba anaika mawu awiriwo moyandikana dala, monga momwe ifenso timanenera kuti mutu umodzi susenza denga, koma tsiku lina n'kunena kuti madzi saiwala khwawa kapena kuti fodya wako ndi uyo ali pamphuno, malinga ndi amene tikumulangiza ndi nthawi yake. Chimodzimodzi Paulo pa Aroma 3:28 ndi Yakobo 2:24: wina akulankhula kwa anthu odalira ntchito za lamulo, wina kwa anthu amene chikhulupiriro chawo chinali cha pakamwa pokha, mbale wawo akugona ndi njala. Udziwenso kuti manambala a mavesi m'Chipangano Chatsopano anaikidwa mu 1551 ndi wosindikiza mabuku Robert Estienne. Paulo ankalemba makalata, ndipo kalata sumaiwerenga mzere umodzi n'kuipinda.

Koma pali zina zimene sindikunyengerera kuti n'zosavuta. Mateyu 27:5 akuti Yudasi anadzimangirira, pamene Machitidwe 1:18 akuti anagwa chamutu n'kuphulika pamimba. Ambiri amafotokoza kuti anadzimangirira kenako mtembo unagwa, ndipo zimenezo n'zotheka, koma palibe vesi limene likunena choncho, n'chifukwa chake ine ndikamaphunzitsa ndimati ndi maganizo a anthu, osati Malemba. Yobu anafunsa anzake atatu aja, pa Yobu 13:7, ngati adzalankhulira Mulungu zachinyengo, ndipo kumapeto kwa bukulo amene anadzudzulidwa ndi anzakewo, omwe ankadziyesa omuteteza Mulungu. Mkhristu amene amapeka yankho kuti angotseka pakamwa mwana wofunsa akuchita tchimo la anzake a Yobu, ndipo mwanayo akadzazindikira kuti ananamizidwa pa chinthu chaching'ono amataya ndi zazikulu zomwe.

Tsopano za mkulu wa mpingo uja. Sanakuyankhe bwino, ndipo ndikunena zimenezi ngati mnzake wa imvi. Komabe ndikuganiza kuti anachita mantha, chifukwa mwina funsolo linamufika pagulu ndipo analibe yankho, ndipo ife akuluakulu timavutika kunena kuti sitikudziwa pamaso pa ana. Usamuike pa gulu la WhatsApp la achinyamata kuti anzako amuseke, ndipo usaimirire pakati pa mapemphero a mlaga ndi foni m'manja ngati woimira boma pa mlandu. Safunsa anadya phula, n'zoona, koma kufunsa kuli ndi kakhalidwe kake. Tomasi anakayika sabata yathunthu, ndipo Yohane 20:26 ikusonyeza kuti patapita masiku asanu ndi atatu anali adakali m'nyumba limodzi ndi anzake. Iwo sanamuthamangitse, iyenso sanawathawe.

Sankha vesi limodzi lokha pa mndandandawo, limene likukusowetsa tulo kwenikweni. Werenga mutu wake wonse m'Buku Lopatulika, uwerengenso m'Buku Loyera, chifukwa kumasulira kwa 1922 ndi kwa 1998 nthawi zina kumaunikirana. Kenako upite kunyumba kwa mkuluyo tsiku la pakati pa sabata, uodire, upereke moni, udikire akupatse mpando, ndipo unene kuti, "Bambo, pali pamene pandivuta, ndimati tiwerengere limodzi." Akakukaniranso, uwathokoze ndipo upite kwa abusa. Ukabwera pa holide unditengere mndandanda wonsewo, ndipo usaiwale kuulemba papepala ndi zilembo zazikulu, chifukwa za pafonizo maso anga sazionanso.